Telala pa Mpando wa Uphungu

Inu, tamverani za telala uja wa pakhonde la sitolo ya nsapato, amene mkazi wake akuchita digiri ya udokotala pa za uphungu. Si udokotala wa jakisoni ayi. Uwu ndi wophunzitsa aphungu kumvetsera mavuto a anthu osawadula pakamwa. Chaka chachitatu tsopano, mabuku afika mpaka m'beseni losambitsira mwana.

Linali Lachisanu. Pofika folo koloko mayiyo amayenera kutumiza kwa Pulofesa kanema wa mphindi makumi asanu akuthandiza munthu wamavuto, apo ayi abwereza chaka chonse. Munthu amene anapangana naye anaimba foni masana kuti mavuto ake atha okha. Mwano wake!

Telala pobwera kudzadya anapeza mipando iwiri yayang'anizana pabalaza, foni yaimikidwa pa chitini cha mkaka wa mwana.

"Khalani apo, bambo a mwana. Lero simukundidziwa, Pulofesa asadziwe kuti ndinu amuna anga."

"Komatu ine ndilibe vuto."

"Pekani. Kavuto kakang'ono basi. Ine sindikalipa, sindilangiza, sindikwinya nkhope. Ndikangokwinya, Pulofesa achotsa malikisi."

Telalayu ndi munthu wosamala, woti amayeza nsalu kanayi asanadule. Anasankha vuto lopanda ngozi: kusowa tulo. Analifotokoza lonse, ndi mizu yomwe, m'mphindi ziwiri. Zinatsala makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu.

"Ndikumva kuti mukusowa tulo," anatero mayiyo mofatsa. Kenako zii.

Abale, kusukulu kwawoko kukhala chete ndi phunziro palokha, lolemba ndi mayeso omwe. Mayiyo anangopendeketsa mutu, maso ali pa iye. Telala anayang'ana kudenga. Anawerenga mabatani a malaya ake. Bata lija linamufinya mpaka pakamwa panatseguka pokha.

"Kabuku ka kusikelo ka mwana sikanadyedwe ndi makoswe. Ndinakachapira m'thumba la buluku."

Chikope cha mayiyo chinanjenjemera. "Pitirizani."

Apa m'pamene telala anazindikira kuti malinga foni ikujambula, palibe angamukhudze! Mwayi wotere subwera kawiri m'banja. Anakhazikika bwino, mwendo pamwamba pa unzake.

"Tsiku lina ndinapita kusitolo ndi mwana, n'kubwerako ndi sopo yekha. Ndinakumbukira ndili pageti."

"Munamva bwanji... mumtima?"

"Ndinamva kuti mkazi wanga andipha. Ndi munthu wabwino, koma akakwiya ngakhale wailesi imadzitsitsa yokha. Komanso mutu wachiwiri wa kafukufuku wake, uja anausaka mlungu wathunthu..."

"Eee?"

"Ndinadulira mapatani a makolala. Pepala lake linali lolimba bwino."

Cholembera chinathyoka m'manja mwa mphungu. Koma nkhope, inu, ngati ya namwino wa pa kalendala.

"Zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chotere."

Telala anakhuthula zonse, ngakhale za diresi la apongozi limene analiwotcha ndi simbi n'kunamizira dzuwa. Mtima unapepuka, mpaka anayamba kuseka yekha. Atacheukira pa wotchi anaona kuti kwatsala mphindi imodzi. Kuseka kunathera pomwepo.

"Adokotala, sitingawonjezereko ola?"

"Nthawi yathu yatha," mayiyo anamwetulira, n'kuzimitsa foni.

Zimene zinatsatira sizinajambulidwe. Tingoti kanema anapita folo isanakwane, ndipo telala anabwerera kuntchito osadya, nsapato zili m'manja.

Lolemba yankho la Pulofesa linafika. Mayiyo analiwerenga mokweza, telala ataimirira chapakhomo, mwana wamunyamulira kutsogolo ngati chishango.

"Mwakhoza bwino kwambiri. Kuleza mtima kotere sindinakuonepo pa zaka makumi awiri ndikuphunzitsa aphungu. Koma bamboyu akukhala mwamantha pakhomo pake. Pa kanema wa Lachisanu likubwerali abwere ndi mkazi wake, ndione mmene mungathandizire mayi wovuta chotere."

Anayang'anana. Ngakhale mwana anasiya kuyamwa chala.

"Ndiye titani, amayi a mwana?"

"Muli ndi masiku anayi. Kapezeni mkazi."

Nkhope ya telala inayamba kuwala pang'ono, ndipo anatsegula pakamwa kuti afunse.

"Wonyansa," anatero mayiyo.