Azakhali a Padzuwa ndi Nyama ya M'golosale

Ngati munamvapo za munthu amene ankati nyama ya m'golosale iyambe yaonana ndi dzuwa asanailipire, ndi omwewo, Azakhali a Padzuwa, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Sanali azakhali a aliyense wa ife, koma mukanayerekeza kuwaitana kuti "mayi" mukanaona. Ankati umayi ndi wa anthu ofatsa.

Mdani wawo anali babu. Golosale yathu ili ndi firiji yaitali ya nyama pakona yakumbuyo kwenikweni, kumdima, ndipo pamwamba pake anapachikapo babu lofiira. Pansi pa babu limenelo chilichonse chimaoneka chophedwa lero. Ine ndinaikapo dzanja langa tsiku lina, ndi makwinya onsewa, linaoneka loti munthu angaliwotche n'kudya. Nyama ya dzana, ya sabata yatha, ya ng'ombe yofa ndi ukalamba, yonse inali psuu, ikumwetulira m'pulasitiki. Ukafika nayo kunyumba n'kumasula, umapeza yatuwa mbuu, m'mbali muno mwayamba kubiriwira. Ndiye golosaleyo inali ndi malamulo awiri ogwirizana ngati mbava zapachibale: usanalipire nyama situluka, ukalipira nyama sibwezedwa.

Azakhali anazidziwa zimenezi tsiku limene makolo a mkamwini wawo anabwera kudzacheza koyamba. Anthu ake aulemu, opemphera ngakhale pomwa madzi. Azakhali anagula nyama yodula kuposa yonse. Pomasula anaona kutuwa, ananunkhiza, mtima unakana, koma alendo anali atakhala kale pabalaza. Anangothira anyezi wambiri ndi tsabola n'kutseka maso. Alendo anadya, anayamikira, anawonjezera. Dzuwa lisanapendeke anayamba kudzuka mmodzimmodzi, mwaulemu ndithu, kufunsa kuti kuseri n'kuti. Chimbudzi pamalo pathu n'chimodzi. Bambo a mkamwini, munthu wajekete, anagogoda chitseko akazi awo ali mkati, n'kumati, "Amayi, ngati munandikondapo, fulumirani." Ine ndinali pawaya, ndikuyanika zovala zouma kale kuti ndione bwino.

Alendowo sanabwerenso. Madzulo ake Azakhali anaima pakhomo pawo, dzanja lili pamtima, n'kulumbira mokweza kuti mzere wonse wa nyumba umve: "Nyama imene sindinaione padzuwa m'kamwa mwanga silowanso. Ndipo ndidzaiona ndisanalipire, m'golosale momwemo."

Mawa lake analowa m'golosale, anatola kambale ka nyama, n'kulunjika kukhomo. Mlonda wa pamenepo, amene timamutcha Chibonga, anawatsekereza.

"Azakhali, tilu yolipirira ili uku."

"Ndaiona, mwana wanga. Ikuoneka bwino."

"Nanga mukupita kuti ndi katundu?"

"Ndani akupita? Tayang'ana miyendo yanga."

Miyendo inalidi mkati. Dzanja lokha ndi limene linali panja, litakweza nyama m'mwamba ngati khanda loonetsa kwa abale.

"Wakuba amaba ndi miyendo," anatero Azakhali. "Dzanjali likungowothera dzuwa."

Kunabwera manijala, bambo woonda amene timamutcha a Tayi chifukwa ngakhale kutenthe bwanji samasula khosi.

"Mayi, malamulo a kampani salola."

"Mayi ndi amene anakuberekani. Taonani apa. Iyi ndi nyama kapena chigamba cha bulangete?"

"Imeneyo ndi nyama yokhwima bwino. Anthu odziwa kudya amaifuna choncho."

"Kaperekeni kwa odziwa kudyawo. Ine ndine mbuli, ndikadya ndimafuna kugona pabedi, osati pakhomo pa chimbudzi."

A Tayi anakhazikitsa lamulo latsopano tsiku lomwelo: nyama yosalipira isadutse mashelefu a sopo. Ife tinati nkhani yatha. Tinali tisanawadziwe bwino.

Loweruka m'mawa ndinangomva kugogoda. Potsegula ndinapeza Azakhali atanyamula chitseko cha wadirobu yawo, chija chagalasi, atachizula ndi mahinjesi omwe.

"Iwe uli ndi nthawi yoyanika zouma," anatero, "gwira ichi. Dzuwa sanaliikire lamulo. Tikalilowetsa."

Ndinaima nacho kutsidya kwa msewu, mayi wamkulu ine, ndikupendeketsa chitseko cha wadirobu, magalimoto akuliza mahutala. Azakhali ali mkati akukuwa.

"Kumanzere! Wachititsa khungu wa patilu! Tsitsa! Ayi, limenelo ndi dazi la bucha! Pang'ono, pang'ono, gwira pomwepo!"

Kuwala kunadutsa pakhomo, kunakwawa pamwamba pa sopo ndi mafuta, n'kukagwera mufiriji ngwee. Ogula onse anathamangira komweko. Ndinene chilungamo, nyama ina inali yabwino ndithu, yofiira yokha popanda wothandiza. Koma pambali pake panali inzake yotuwa, yolira madzi, pamtengo umodzimodzi, itangokhala phee ngati wolowa ukwati wosaitanidwa. Anthu anatola yabwinoyo n'kusiya inayo. Bucha anayesa kuima kutsogolo kuti atchinge kuwala, koma Azakhali anamuuza kuti ayambe waonda.

Kuyambira pamenepo galasi linkatuluka tsiku lililonse ladzuwa, ndipo amayi a mzere wathu tinkasinthana kuligwira. Vuto linali tsiku la mitambo. Azakhali ankaima pakhomo n'kumabweza anthu. "Lero kulibe mboni, kadyeni nyemba." Nyengo yamvula tinadya nyemba mpaka amuna anga anayamba kulankhula ndi nkhuku za eni ake mwachikondi chokayikitsa.

Sikuti ankalondola nthawi zonse. Tsiku lina anaitana golosale yonse kuti apeza nyama yakuda bii, yowoleratu.

"Azakhali, chimenecho n'chiwindi," anatero bucha. "Chimakhala choncho."

Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mwini wake ankamwa," anatero, n'kuchibweza.

A Tayi nawonso sanagone. Nyama imene anthu ankaisiya ija anayamba kuipaka zokometsera zofiira, tsabola, adyo ndi mafuta, n'kuikulunganso bwinobwino, n'kulembapo kuti yokonzeratu, ingoikani pamoto. Mtengo wake unakwera kuposa wa yatsopano. Galasi linalephera, chifukwa ngakhale uwalitse bwanji umangoona tsabola.

Azakhali ananyamula kambale kamodzi n'kuitana a Tayi.

"Mwaisambitsa, mwaidzoza, mwaiveka suti. Mwambo wa maliro uyamba nthawi yanji?"

"Imeneyo ndi ya anthu otanganidwa, opanda nthawi yokonza."

"Nthawi yokhala kuchipatala ali nayo?"

Asanayankhidwe anatulutsa botolo la madzi m'chikwama, anaboola pulasitiki ndi chala, n'kuyamba kuitsuka nyamayo pompo, pakati pa golosale. Tsabola anatsetsereka pansi. Chimene chinatsala m'manja mwawo sindichifotokoza, mwina mukuwerenga mukudya. Fungo lokha linatulutsa wa patilu panja, ndalama atazisiya poyera. Tsiku limenelo a Tayi analamula kuti Azakhali asadzapondenso m'golosalemo. Chibonga anawagwira mkono.

"Pepani Azakhali, ndi ntchito."

"Gwira bwino, mwana wanga, anthu aziti ndapeza mwamuna."

Mawa lake anabwera ndi mpando ndi ambulera n'kukhala m'mbali mwa msewu, moyang'anana ndi khomo, pamalo pamene si pa kampani ya munthu. Nyama anali asanailawebe chilumbirireni, poti ankati dzuwa lapagalasi ndi lobwereka, ndipotu anali munthu wokonda nyama, wotafuna fupa mpaka galu kukhumudwa. Masaya anayamba kulowa. Ine ndinawauza kuti angogula kumsika, kumene nyama imalendewera padzuwa tsiku lonse.

"Padzuwa inde, pamodzi ndi ntchentche za dziko lonse. Ine ndikufuna firiji ndi dzuwa, zonse ziwiri. Manyazi ndinawagula muno, ndipo ndidzadyanso ya muno."

Aliyense wotuluka ndi nyama ankamukodola. Ankaikweza m'mwamba, kuitembenuza, kenako n'kulengeza msewu wonse ukumva. "Iyi idyani ndi ana." Kapena, "Iyi mukapatse amene munayambana naye." Bambo wina anayesa kuzemba atabisa yake m'jekete, Azakhali n'kukuwa kuti, "Achimwene a jekete lotupa, mukadwala musadzati sindinakuitaneni!" Munthu ungapirire kutsegula m'mimba, koma kulengezedwa pamsewu ayi. Anthu analeka kugula nyama. Firiji inadzaza mpaka chivindikiro kumavuta kutseka.

Ndi pamene kunabwera mwini golosale, mayi wonenepa wagalimoto yaitali, amene antchito ake amamutcha Adona. Anawoloka msewu yekha n'kuima pansi pa ambulera.

"Azakhali, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Ndizikutumizirani nyama yaulere kunyumba."

"Kuti mukandiphere kopanda mboni?"

"Chabwino. Tichotsa babu lofiira, tiika loyera."

"Babu ndi wantchito wanu, limanena zimene mwalituma. Dzuwa simulilipira."

"Ndiye mukufuna ndigwetse khoma?"

"Lonse ayi. Ndine munthu wachifundo."

Adona anaseka mpaka kugwira mpando. Kenako analowa, anatsegula firiji, anatseka msanga, n'kutuluka osaseka. Sabata yomweyo amisiri anayamba kugogoda khoma la pamwamba pa firiji kuti aboole zenera.

Amisiri mukuwadziwa. Lero simenti yatha, mawa galasi lafika losalingana, mkuja wamkulu wawo wapita kukaona odwala. Azakhali ankawalondera ali pampando wawo, akuwawerengera njerwa ndi maso. Koma miyendo ya Azakhali inayamba kutupa. Anayamba kufika mochedwa, kenako kubwera wina atawagwira mkono, kenako mpando unatsala wokha kunyumba. Ndinkapita kukawauza pamene ntchito yafika, ndipo ndinkawonjezera pang'ono kuti asangalale.

"Usandinamize," ankatero. "Bodza lako limakhala lofiira kwambiri."

Tsiku limene zenera linatha, Chibonga anafika pakhomo pawo akukankha kangolo kogulira zinthu ka m'golosale, mkati ataikamo pilo wake. Tinawakweza, miyendo ili lende kutsogolo, ambulera ili m'manja, n'kuwakankha msewu wonse, ana akutsatira. Pakhomo pa golosale panaima a Tayi. Chiletso chija chinali chisanachotsedwe. A Tayi anayang'ana Azakhali, anayang'ana mawilo, n'kukonza tayi.

"Ndinati asaponde muno," anatero. "Sakuponda. Dutsani."

Kukona kuja kunali kowala ngati panja. Azakhali anasuzumira mufiriji. Anatola kambale aka, anabweza, anatola kena, anakatembenuza. Mapeto ake anasankha kakang'ono kafupa pakati, n'kulipira okha patilu, atakana kuti wina awathandize kumasula mfundo ya kansalu kawo.

Ndinawaphikira ine. Kutafuna kunali kutawakanika kale, choncho anangomwa msuzi pang'ono ndi sipuni, fupa atalifumbata m'dzanja.

"Mchere wachepa," anatero. Anamwanso. "Koma ng'ombe iyi inafa bwino."

Sanakhalitse pambuyo pake. Anapita m'mawa wina kunja kutacha bwino, popanda kamtambo n'kamodzi komwe, ndipo tonse tinagwirizana kuti anachita kusankha.

Tsopano msewu wathu wangoti zii. Munthu umatuluka m'golosale ndi nyama yako, palibe wokukodola, palibe wokuchititsa manyazi, ndipo m'malo mosangalala umangoyenda ngati waiwala chinthu. Chibonga amaima pakhomo tsiku lonse osakangana ndi munthu, wayamba kunenepa.

Dzana ndinalowa kuti ndigule ya Lamlungu, n'kupeza kukona kuja kwadanso. Pazenera anamatapo chipepala chachikulu cholengeza kutsika kwa mitengo, chojambulidwa nkhuku ikuseka. Ndinakoka kireti ya zakumwa, ndinakwerapo ndi maondo angawa, n'kulowetsa zikhadabo pakona ya chipepalacho.

"Mayi, chimenecho n'cha kampani," anatero a Tayi kumbuyo kwanga, koma mawu ake ofooka, ngati munthu wongokwaniritsa udindo.

Amayi awiri a mzere wathu anasiya madengu awo n'kugwira kireti kuti isagwedezeke. Ndinakoka. Chipepala chinang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi, dzuwa n'kugwera mufiriji.

Ndiye tonse tinangoima, ogula, bucha, a Tayi amene, tikuyang'ana nyama, tikudikira kuti wina alengeze. Panalibe wolengeza. Ndinatsika, ndinatola kambale kamodzi, ndinakakweza kuzenera. M'mbali munali mutayamba kutuwa.

"Iyi ayi," ndinatero, mawu ali pansipansi.

Chibonga anayankha ali pakhomo pomwepo, maso ali kumsewu.

"Kwezani mawu, Azakhali. Kuno sitikumva."