Kwacha ndi Kwacha

Mpaka lero ndikaona envulopu yakhaki mtima umandigunda. Ndipo chonde, mukawerenga izi musakauze ana asukulu ku Kasakula, poti iwo amandidziwa ngati katswiri wa masamu.

Mpingo wathu unandisankha kuti ndikaphunzire ulimi wa njuchi ku Zambia kwa mwezi wathunthu. Ulendo ndi pogona analipira eni maphunzirowo, koma za m'mimba aliyense amayenera kudzionera yekha. Ndiye ndinaimbira foni a Tembo, amene amakatilandira kumeneko, kuwafunsa kuti munthu amadya zingati patsiku.

"Makwacha 200 akukwanani bwinobwino," anatero.

Ndinaseka mpaka misozi. Makwacha 200! Kwathu kuno imeneyo ndi ya mandasi, ogona dzulo. Ndinati kumeneko ndiye kudziko la mkaka ndi uchi (uchiwo ndi umene ndimapitira). Zoti Zambia nayo ili ndi kwacha ndinkadziwa. Chimene mutu wangawu unakana kufunsa n'chakuti kodi ndi kwacha yathu yomweyi.

Ndinagula maenvulopu makumi atatu, iliyonse ndinailemba tsiku lake, n'kuikamo K500 kuti ndikadye ngati bwana. Ndalama zotsala, zimene tinapeza titagulitsa soya, ndinagulira jekete pakaunjika.

Mayi akunyumba anayang'ana maenvulopu aja, kenaka anayang'ana ine.

"Bambo a Chisomo, ndi dziko liti limene munthu wamkulu angakhute ndi kandalama kotere?"

"Inu za masamu tisiyireni eni ake," ndinawayankha.

Anangokazinga mtedza ndowa yathunthu, n'kuulonga m'chikwama changa pamodzi ndi mabotolo awiri a chiponde. Ndinadandaula kuti munthu wa jekete sapita kunja atasenza mtedza.

"Ukakulemerani mukautaye panjira," anatero.

Pachipata cha Mchinji ndinapeza bambo wosintha ndalama. Ndinatsegula maenvulopu imodziimodzi, mwaulemerero, anthu akuona. Iye anawerenga, anadinadina pafoni, n'kundipatsa timapepala tiwiri ndi tindalama tachitsulo.

"Zina zili kuti?" ndinafunsa.

"N'zomwezo, madala."

"Iwe, kwacha ndi kwacha!"

Anaitana anzake kuti adzamve ndi makutu awo. "Madala," anatero akupukuta misozi, "dzina n'limodzi inde, koma a Phiri agalimoto ndi a Phiri anjinga sadyera mbale imodzi."

Mwezi wanga wonse sunakwane tsiku limodzi la a Tembo. Kuimba foni kunyumba? Ndipemphe chiyani, poti soya yense ndinali nditamuvala?

Kumaphunziroko, ikakwana nthawi ya nkhomaliro anzanga amathamangira kumalo odyera, ine n'kumati ndikusala kudya. Anayamba kundilemekeza kwabasi. Mayi wina mpaka anandipempha kuti ndipempherere mwana wake amene amalemba mayeso (ndinamupemphereradi, ngakhale m'kamwa munali makoko a mtedza). Onse akachoka ndimazembera kuseri kwa ming'oma ya njuchi n'kumakukuta mtedza mwakachetechete.

Tsiku lachisanu a Tembo anandipezerera masaya ali tutumu.

"Aphunzitsi," anatero, "kusala kwa ku Malawi kumanunkhira bwino."

Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka njuchi zitandiluma kuti nkhani isinthe. Ndinaulula zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anatapa mtedza uja, anatafuna, n'kutapanso.

"Mtedza ngati uwu mukudya mobisa? Gulitsani!"

Poikamo panalibe, koma maenvulopu ndinali nawo makumi atatu, opanda kanthu. Ndinawadzaza mtedza. Mawa lake anzanga anali pamzere: wina, "Ndipatseni wa pa 14!" winanso, "Ine wa pa 22, n'tsiku langa lobadwa!" Akamaliza amabweza envulopu, ine n'kudzazanso. Mtedza wa ku Ntchisi unandigulira nkhomaliro ya kwacha ya eni ake, chiponde n'kumandigwira m'mawa pabuledi. Ndinamaliza mwezi ndili moyo, ngakhale lamba anasuntha mabowo awiri.

Nditafika kunyumba ndinafotokoza za njuchi, za misewu, za nyumba zazitali. Mayi akunyumba anamvetsera zonse modekha, akupinda jekete lija.

"Nanga mtedza uja munautayira pati?"

Chiyambire tsiku limenelo, malipiro anga amafikira m'manja mwawo. Ine masamu ndimathera nawo pabolodi.