Kansomba ka a Arlindo Kamene Kankalumpha Pakhoma

Kuno ku Luangwa Boma tonse tinkadziwa kuti pulogalamu ya pakompyuta ikawavuta a Arlindo, usadutse padoko. Ankakugwira mkono n'kukupatsa ntchito. Anzawo amafufuza zolakwika atakhala pampando. Iwo ankazifufuza pamchenga, ndi anthu amoyo. Sindikonda kutamanda munthu, choncho ndingonena zimene ndinaona.

Mwana wawo Cátia ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Zumbo, tsidya la mtsinje, ndipo akuchimuna anapempha nyimbo ya Chipwitikizi. Kwaya yathu sinkachidziwa chinenerocho. A Arlindo, amene makolo awo anachokera tsidya lomwelo, analumbira kuti sachita manyazi pamaso pa asewere awo. Analemba pulogalamu yoonetsa mawu pakhoma la tchalitchi, ndi kansomba kolumpha pa liwu lililonse kuti oimba azikatsatira.

Poyesa koyamba kansombako kanaswana. Kakalumpha, kakale kankatsala pomwepo, mpaka khoma linadzaza ngati thandala loyanikapo nsomba. A Arlindo anatsika kudoko, nandipeza ndili m'bwato.

"Lovewell, siya bwatolo. Gwira chitini ichi. Ndiwe taima."

"Taima n'chiyani, mudala?"

"Wotchi ya m'kati mwa kompyuta. Ukagogoda, ine ndijambula."

Ngo! Anajambula nsomba pamchenga. Ngo! Ina. Anapitiriza chafutambuyo mpaka anagwera m'dengu la amayi Kettie, ogulitsa nsomba zouma. Ali chagada momwemo anaona mzere wa nsomba zawo, nakuwa: "Palibe wofufuta!"

"Wofufuta alipo," anatero amayi Kettie atanyamula tsache, "ndiyambira inu."

Tsachelo linalembedwa ntchito pomwepo.

Vuto lachiwiri linali kuphethira. Kansomba kankazima n'kuyaka mofulumira, mpaka oimba onse anali misozi chuchuchu ngati pamaliro. Padoko, a Arlindo anapeza chifukwa: pakati pa kusesa kwa amayi Kettie ndi kujambula kwawo, oonera ankaona mchenga wopanda kanthu. Analamula amayi awiri kuti agwire chitenje, kusesa ndi kujambula kuchitike kuseri, nsomba ikatha ndiye achikweze. Amalonda otsika m'boti anayesa ndi masewera a matsenga, nawomba m'manja.

"Musawombe! Izi ndi sayansi!"

M'pulogalamu anachita chimodzimodzi, kuphethira kunatha.

Akanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma m'mawa wa ukwati anawonjezamo zithunzi zikuluzikulu za akwati, zoti zituluke pakati pa nyimbo. Kwaya inayamba bwino. Itafika pa dzina la Maria Woyera m'nyimbomo, kansomba kanatera pa "ri" n'kuuma gwa. Oimba athu ndi omvera. Anauzidwa kutsatira nsomba, ndiye anagwira "riiii" osaleka. Mitsempha inatuluka m'makosi. Woimba besi wina anagwira benchi. Akuchimuna anayamba kuyang'anana.

A Arlindo anakwera pampando ndi suti yawo, naika dzanja m'kuwala kwa pulojekita. Chithunzithunzi cha dzanjalo chinalumpha pakhoma, kwaya inapuma mpweya n'kuchitsatira. Koma dzanjalo linkathamanga kuposa taima aliyense. Nyimbo yapemphero inatha ngati ya gule, amayi a ku Zumbo akululuta.

Panja bambo a mkwati anawakumbatira. "Asewere, kwathu nyimbo iyi timagona nayo. Mwaidzutsa!"

A Arlindo sanamve n'komwe. "Ndadziwa! Ndinatuma munthu mmodzi ntchito ziwiri. Wojambula nsomba ndi yemweyo anapita kukasenza zithunzi. Lovewell, chitini! Cátia, iwe ukhale zithunzi…"

"Adadi," anatero Cátia ali m'velo yake, "lero ayi."

Anamuyang'ana kanthawi, ngati akumuona koyamba tsikulo. Kenako anapukuta m'maso, nakhala pansi. Aka kanali kokha kamene ndinawaona akusiya vuto kuti lidikire.

A Arlindo anatisiya chaka chatha, nyengo yotentha. Tsopano kompyuta ikavuta timaikweza basi ya ku Lusaka. Imabwera yokonzeka bwinobwino, mwina kuposa mmene iwo akanaikonzera. Koma palibe amene amatiuza chimene chinavuta, ndipo palibe amene amatifuna kuti tithandize.