Katuni ya Pasaka ndi Belo la Apongozi

Nkhani iyi ndinkafuna nditapita nayo kumanda, koma poti kuno ku Lisasadzi yafika kale pachigayo, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, pansi pa apongozi anga aamuna, a Phiri, mkulu wa mpingo komanso mlimi wosaseka ndi fodya wake. Chikwatirireni, ntchito yanga pa fodya inali kunyamula basi. Kusankha ayi, kudinda ayi. Koma chaka chino, sabata ya Pasaka, anandiitanira kuchigafa nkundiuza kuti belo loyamba, la tsamba labwino lija, ndidinde ine, aone ngati sukulu ya naiti inandisiyirako manja. Ndinagwada nkuwomba m'manja. Mumtima ndinati basi, ndakhala munthu pamudzi pano.

Ndili ndi mwana mmodzi, Tamanda, wa zaka zinayi. Zimene ine ndinazidziwa ndevu zitamera, ndimafuna iye azidziwe mano amkaka asanaguluke. Ndiye Lachinayi, nditalonga fodya mpaka pakati m'bokosi la jeke yodindira mabelo, ndinapalasa njinga kupita patauni, pakashopu koika mafilimu m'mafoni, nkupempha katuni ya Pasaka ya ana. Kuionera kaye ndekha, sindinaganize.

Mayi a Tamanda anandichenjeza kuti makatuni ena amasokoneza ana mutu. Apongozi anati Sande sukulu inawalera iwo popanda foni. Ine ndinawatsimikizira kuti filimuyi ndi ya Chikhristu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo Chizungu chake ndimasulira ndine. Apongozi atamva zimenezo anakoka mpando, nkuvala magalasi awo a kutchalitchi, nkukhala pambali pathu pakhonde.

Filimu inayamba. Panatuluka anapiye ovala zipewa, atanyamula mazira opaka utoto, nkumawabisa m'maudzu uku akuimba. Chizungu chake chinali chodutsira m'mphuno, chothamanga ngati matola. Ku naiti sitinafikeko kumeneko.

“Mkamwini,” anatero apongozi, “Ambuye atuluka nthawi yanji?”

“Akubwera, bambo. Awa ndi malonje chabe.”

Sanabwere. Mtanda sunaoneke, manda sanaoneke, ngakhale msilikali mmodzi. Anapiye okhaokha mpaka mayina a kumapeto kwa filimu kuyamba kukwera. Apongozi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine thukuta lili kamukamu. Munthu wanzeru akanangopepesa. Ine ndinayamba kulalikira.

Ndinafotokoza kuti azungu amaphunzitsa ana m'mafanizo. Dzira ndi manda. Kulibisa ndiko kuika maliro. Mwanapiye akaswa chigoba, ndiko kuuka kwa akufa. Ndinadzimva ndekha kuti zikukoma, ndipo ndinaonjezera zina zimene sindikuzikumbuka. Apongozi anangoti “hmm,” nkupinda magalasi, nkupita kuchigafa.

Koma Tamanda, mayo, filimuyo anaikonda. Anaionera mobwerezabwereza mpaka foni kuzima. Kenako anandigwira chibwano ndi timanja take nkufunsa ngati dzira lobisa Lachisanu limaukadi Lamulungu.

“Eya mwanangu,” ndinatero, “bola ulibise pofunda, pomwe palibe angalione.”

Ndinamupsompsona pachipumi, ndikunyadira kuti mwana watengera mutu wa bambo ake.

Lachisanu Loyera sitinagwire ntchito. Loweruka m'mawa apongozi aakazi anapeza nkhuku yawo yofungatira ikungozungulira chisa chopanda kanthu, ikulira. Mazirawo anali atatsala pang'ono kuswa, ndipo anapiye ake anali atawalonjeza kale kwa amvano anzawo. Ena anati ndi galu, ena anati ndi akuba. Ine ndinauza mayi a Tamanda kuti akawauze amayi kuti imeneyo ndi ng'azi, zizindikiro zake zonse ndikuzidziwa. Ndinawaonetsa ngakhale mkukuluzi wake pamchenga, umene pano ndikuganiza kuti linali tayala la njinga yanga.

Nditathana ndi ng'azi ndinapita kuntchito yanga. Ndinadzaza bokosi lija ndi fodya wotsala, ndinaika thabwa pamwamba, nkuyamba kupukusa jeke. Ndinamva phwa, kenako phwa phwa, kuchokera mkati. Ndinati imeneyo ndi mitsitsi ya tsamba louma bwino. Pofuna kuti belo lituluke lamakona ngati njerwa, ndinapukusanso kawiri konse. Ndinasoka chiguduli mwaudongo. Apongozi aamuna anabwera, analizungulira, analimenya ndi chikhatho, nkunena kuti mwina mwana wawo sanataye pokwatiwa nane. Mawu otere anali asanatulukepo pakamwa pawo.

Lamulungu m'mawa tonse titavala za kutchalitchi, Tamanda anasowa. Tinamupeza m'shedi ya fodya, atagwada ndi diresi lake loyera, khutu ataligunditsa pa belo langa. Galu anali pambali pake akununkhiza. Ntchentche zobiriwira zinali zitayamba kale mapemphero.

Agogo ake aamuna anamufunsa mofatsa chimene ankamvetsera.

“Shii, agogo. Akuuka.”

“Ndani akuuka?”

“Anapiye. Ndinawaika m'manda Lachisanu, pofunda, monga ananenera adadi.”

Apongozi aakazi anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi yunifomu ya mvano. Apongozi aamuna sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangotulutsa kampeni m'thumba la jekete nkundipatsa, chogwirira chili kwa ine.

Ndinatumbula ulusi umene ndinausoka monyadira dzulo lake. Pamwamba panali bwino, ndipo ndinayamba kupemphera kuti mwina mwana waiwala pomwe anabisa. Nditafika pakati, fungo linandimenya mbama. Mazira ena anali osukusa. Jeke inali itawafinyira m'tsamba lonse, pansi ndi m'mbali, moti fodya wagolide uja anamatirirana ngati chikondamoyo. Za anapiye sindinena. Fodya wotere ku okushoni sakamufunsa dzina, amangomubweza.

Anthu opita kutchalitchi anayamba kuima pamsewu. Ena analowa kudzapepesa, poganiza kuti pagwa zovuta. Atamva nkhani yake ankatuluka atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Tamanda anasuzumira m'belomo, nkundiyang'ana ine.

“Adadi, bwanji sanauke?”

Chimenecho chinandipweteka kuposa fodya. Ndinagwada, manja ali noninoni, ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere kuti m'mafanizo nthawi zina zimatheka kuti...

“Bambo a Tamanda,” anatero mkazi wanga, “musamasulirenso.”

Anamunyamula mwana nkutuluka naye. Ndinatsala ndi apongozi aamuna awiriwiri. Anatola tsamba limodzi, analiyang'ana padzuwa, analiponya pansi. Ananena kuti fodya amene angapulumuke ndimusankha ndekha tsamba ndi tsamba, wotsalayo ndikakwirire kumunda. Jeke ndisaiyandikirenso. Mabelo otsatira adinda okha, ine ndibwerere pa kunyamula.

Ndinayesa kunena kuti mwana sanalakwe. Anavomera msanga kwambiri kuti inde, mwana sanalakwe. Kenako anayang'ana manja anga, dzira likudontha m'zala mpaka pansapato.

“Mkamwini, lero ndi tsiku la kuuka, koma inu mwatibwezera Lachisanu. Pitani kumjigo. Ngakhale Pilato anasamba m'manja.”

Anzanga akumandifunsa ngati makatuni a Pasaka ali abwino kwa ana aang'ono. Ana amawakonda zedi, ndipo katuni payokha sinaphepo mwanapiye. Musanampatse mwana foni, tsekerani kaye bambo ake m'nyumba.