Theka la Theka la Fomu 4

Lolemba
Cholinga cha sabata ino: Fomu 4 imvetse hafu-laifu pofika Lachisanu, tsiku limene a insipekitala akubwera kudzaona ngati ndikhazikike pa uphunzitsi. Phunziro lake ndi lophweka. Mwala ngati yureniyamu umataya theka la mphamvu zake pa nthawi inayake, pakapitanso nthawi yofanana theka la zotsalazo, koma sufika pa ziro. Zida: choko, zitsekerero za mabotolo zotola ku Limbe, ana 64. Ndikudzimva katswiri!

Lachiwiri
Ana 32. Lole yatenga atsikana onse kukayeserera magule a chipani. Ndikuwaza zitsekerero pansi, zogwa chagada tikuchotsa. Anyamata akutola n'kuyamba kusewera bawo.

Lachitatu
Ana 16. Opanda khadi la chipani abwezedwa pageti. Phunziro likukoma, pakamwa pakuthamanga: "Mwaona? Palibe chamuyaya, ngakhale mwala!" Ana onse akuyang'ana m'mwamba. Pamwamba pa bolodi pali chithunzi cha Mtsogoleri Wamuyaya. Lusiyano, mwana wa a wapampando a nthambi yathu ya chipani, akulemba notsi koyamba chaka chino.

Lachinayi
Ana 8. Makolo amva. A hedi akundinong'oneza kuseri kwa chimbudzi: "Aphunzitsi, simukanangowaphunzitsa za maginito?" Ndili ndi mantha, nkhomaliro yandikanika.

Lachisanu
Ana 4, a insipekitala, ndi a wapampando amene sanaitanidwe. Akhala padesiki ya kutsogolo, mimba yapanikizika. "Tawerengerani pabolodipo, aphunzitsi. Amuyayawo theka lawo litha liti?" Ndikufotokoza kuti masamuwa amagwira pa miyala yakunja yokha. A insipekitala akuyang'anitsitsa nsapato zawo ngati azigula lero. Za kukhazikika pa ntchito palibe wazitchula.

Loweruka
Abambo awiri a masuti abwera kunyumba. Atenga zitsekerero zonse ngati umboni, ati andiitana. Anzanga a bawo muno mu Nkolokosa analipo ambiri, lero atsala awiri, ndipo akundipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga, mpaka abusa alalika osatchula moyo wosatha. Ndawerengera: watsala mmodzi, mayi a kunyumba. Ndikudzitonthoza kuti sayansi imati sizifika pa ziro. Ndikulowa m'nyumba, ndikuwapeza akumanga mbale m'chitenje. Akuti akukaona amayi awo ku Nsanje. Ndikufunsa kuti abwera liti.
"Inu ndinu a masamu," akutero, "werengerani."