Ndinafunditsa Kompyuta Bulangete

Nkhani iyi ndinafuna kupita nayo kumanda. Koma alamu anga amaifotokoza pa ukwati uliwonse, ndipo chaka chilichonse amawonjezamo zawozawo. Ndiye kuli bwino muimve kwa mwini manyazi.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, matipate atalowa kale, nthawi imene mabungwe ankagawa zinthu osafunsa ngati wolandirayo akudziwa kogwira. Ine ndinali kalaliki pa sekondale ina ya mishoni, kumapiri a kwa Mphunzi uko. Tsiku lina bungwe linatisiyira kompyuta yogwirapo kale ntchito, yamtundu wa kachewere wosatsuka. Popeza ndinali nditachitapo kosi ya masabata awiri ku Lilongwe, anaiika pa tebulo langa. Aphunzitsi anasiya kunditcha Bonifasi, nayamba kunditcha a injiniya. Ine ndinkavomera.

Chinthucho chinali chaulesi. Ukachiyatsa unkatha kupita kukamwa tiyi, kucheza, kubwerako, n'kuchipeza chikadali kuganiza.

Ndiyeno a hedi athu, a Kanyemba, anaimirira pa msonkhano wa makolo n'kulengeza kuti chaka chimenecho mayeso oyeserera a Fomu 4 atayipidwa pa kompyuta, za sitensulo yodetsa manja zatha. Makolo anaomba m'manja. Ine sanandifunse. Mayeso ankayamba Lolemba, ndipo pofika Lachinayi m'mawa ndinali nditamaliza mapepala anayi okha mwa khumi ndi awiri.

Foni ya pasukulu inkakhala mu ofesi ya a hedi, itakhomedwa ndi kaloko. Ndinapempha kiyi n'kuimbira a Lameki, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene ankakonza makompyuta ku Lilongwe.

"Alamu, chinthu chino chindichotsetsa ntchito. Palibe njira yoti chizithamangako?"

"Ilipo," iwo anatero. "Timati overclocking. Muli kachipangizo m'katimo kotchedwa pulosesa, ndiko ubongo wake. Mumakakakamiza kuthamanga kuposa mmene anakapangira. Thimitsani, tsegulani bokosilo, muona timapulasitiki takuda tovekedwa pa tizitsulo. Amenewo ndi majampa."

Anandilongosolera kajampa koti ndisunthe kuti liwiro lichoke pa 133 lifike pa 166.

"Sitepe imodzi yokha, alamu, musachite dyera. Ndipo musamale temperature, chifukwa..."

Krrrr. Foni yathu inkaduka mphepo ikangowomba, ndipo mu July kwathu mphepo siipuma.

Ndinasuntha kajampako, ndinatseka, ndinayatsa. Inathamanga! Ndinaitana aphunzitsi atatu kuti adzaone. Ndinkatayipa chakumbali, ndikulankhula nawo, ngati munthu wobadwira m'makina.

Patatha ola limodzi inangouma gwa. Mawusi osasuntha, zilembo osalowa. Ndinathimitsa n'kuyatsanso, ndipo theka la pepala la Biology linali litasowa. Ndinaliyambanso. Inaumanso. Itauma kachitatu ndinakapemphanso kiyi.

"Alamu, ikuthamanga ndithu, koma pakapita kanthawi ikungouma."

"Ndiye kuti ikufiriza imeneyo."

"Ikutani?"

"Freezing, alamu. Ndinakuuzani kuti vuto likhala temperature. Taonani fani ija ngati..."

Krrrr.

Tsopano musanandiweruze, taimani pamene ndinaima ine. Ndili ku Dedza, mu July. M'mawa umenewo udzu wa pabwalo la mpira unali mbuu ndi chisanu. Zala zanga zinkakana kupindika. Galimoto ya pa mishoni tinkachita kuikankha anthu asanu kuti ilire. Ndiye katswiri wa ku Lilongwe wandipatsa mawu atatu: freezing, temperature, fani. Inuyo mukanamva chiyani?

Ndinatsegulanso bokosi. Ndinapeza kafani kakuzungulira mwachangu pamwamba penipeni pa ubongo uja, kakuupemerera mphepo, kuzizira konseku.

"Ndi iwe eti," ndinatero, n'kuzula waya wake.

Ulendo uno inauma patangotha mphindi makumi awiri. Ndinagwedeza mutu ngati munthu womvetsa. Chisanu chinali chitalowa kale m'kati. Ndinatseka mawindo onse, ndipo timabowo ta kumbuyo kwa bokosi ndinatitseka ndi nyuzipepala. Sizinathandize. Ndinaweruka nditawonjezera pepala limodzi lokha, mutu ukuwawa.

Lachisanu m'mamawa, mkazi wanga atapita kale kuntchito kwake ku chipatala cha mishoni, kumene anali namwino, ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa bulangete lake la ku Joni, lolemera, limene ankasungira alendo okha. Ndinafika nalo ku ofesi n'kuikulunga kompyuta bwinobwino, n'kupisira ndi m'mbali momwe.

A hedi analowa. Anaima, nayang'ana.

"A injiniya, n'chiyani chimenechi?"

"Temperature control, bwana. Makinawa anawapangira kotentha, sanazolowere kuno."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zomveka. Ngakhale aphunzitsi ochokera ku Nsanje amavutika chaka choyamba. Nanga mapepala afika pati?"

"Asanu, bwana."

"Asanu? Makolo ndinawalonjeza, a Bonifasi." Anatuluka, ndipo posakhalitsa anabweranso atanyamula okha mbaula ya mu ofesi mwawo, makala ali psuu. "Iikeni pafupi. Ine ndipirira."

Ndinaiika pansi pa tebulo.

Inauma patatha mphindi zisanu. Nditayatsanso inalira kamodzi kokha, piii, n'kuonetsa zilembo zosokonekera zimene sindinaziphunzire pa kosi. Ndinawonjezera makala. Mu ofesi munatentha mpaka ndinavula juzi, kenaka tayi. Munayamba kumveka kafungo konga ka simbi yoiwalidwa pa malaya a nayiloni. Ine mtima unali utakwera, ndipo ndinayamba kukangana nayo mokweza.

"Fani ndakuchotsera. Bulangete ndakufunditsa, la alendo. Moto ndi uwu, wa a hedi eni ake. Ukufunanso chiyani, phala?"

"Mukulankhula ndi ndani, bambo a Tereza?"

Anali mkazi wanga, ataima pakhomo ndi yunifolomu yake yoyera. Amayi ake ankafika madzulo omwewo kuchokera kwa Kaphuka, ndipo popuma masana mkazi wangayo anali atathamangira kunyumba kukayala bedi, n'kupeza sutikesi ili pululu. Maso ake anachoka pa ine, napita pa mbaula, n'kukaima pa bulangete.

"Ndikufotokozereni, mayi a Tereza. Ikufiriza. Achimwene anu omwe ndiwo anena."

Analowetsa dzanja pansi pa bulangete n'kukhudzitsa kumbuyo kwa chikhatho pa bokosi, monga amachitira pa chipumi cha mwana. Analichotsa msanga.

"Chinthu ichi chili ndi malungo."

"Inu za makompyuta simuzidziwa."

"Sindizidziwadi. Koma mayi akabwera kuchipatala ndi mwana wotentha chonchi atamukulunga m'bulangete, ndimamukalipira anthu akumva."

Anathimitsa pa soketi, anasolola bulangete lake, anatsegula mawindo onse, n'kutulutsa mbaula panja. Kenaka anakagogoda kwa a hedi n'kupempha kiyi wa foni. Ine ndi a hedi tinaima pambali pake ngati ana ogwidwa akuba mapichesi. Ndipo foni imene inandidukira ine kawiri konse, kwa iye inamveka bwino ngati a Lameki ali m'chipinda chomwecho.

"Achimwene, alamu anu azula fani, atseka mabowo, afunditsa bulangete, ayatsira mbaula."

Kunali zii. Ndinayamba kuyembekeza kuti mwina yadukanso. Kenaka tinamva kuseka, kwa munthu amene wagwira tebulo kuti asagwe. Tinamvanso akuitana anzawo a kuntchito kuti adzamve.

"Apatseni foni," anatero a Lameki atapezako mpweya. "Alamu, pulosesa ikamathamanga kwambiri imatentha, ngati munthu wothamanga. Ikatenthetsa imakomoka. Kukomokako ndiye timati freezing."

"Nanga bwanji osangonena kuti kukomoka?" ndinafunsa mokwiya. "Mzungu amene anatcha kutentha kuti kuzizira anali bwinobwino?"

"Zimenezo mukamufunse yekha. Ife kuno timavutika kusaka mafani akuluakulu kuti makina azizire. Inu Mulungu anakupatsani firiji yaulere, boma lonse, ndiye mwakatenga mbaula."

Anandiuza kuti ndiisiye izizire ola lathunthu, ndilumikizenso fani, ndipemerere fumbi lonse lichoke pa kachitsulo ka mano kokhala pansi pa faniyo, ndichotse nyuzipepala, chivundikiro cha bokosi ndichisiye chotsegula, ndipo tebulo ndilisunthire pawindo. Ikaumanso ngakhale kamodzi, ndibweze kajampa pamalo pake ndi kuvomereza ulesi wake.

"Ngati sinapse kale," anawonjezera. "Ikakhala yapsa, kasakeni sitensulo."

Ola limenelo a hedi sanachoke. Anakhala pa mpando wa alendo atapinda manja, osandiyang'ana, mwina pokumbukira kuti mbaula inali ya ndani. Itakwana nthawi ndinadina batani ndikupemphera chamumtima. Kafani kanazungulira. Zilembo zinabwera zolongosoka. Inali yamoyo.

Ndipo inathamanga bwino kwabasi, osauma ngakhale kamodzi. Chokhacho, kuti iyo ikhale mosangalala, ine ndinayenera kukhala pawindo lotsegula Lachisanu masana onse, Loweruka lonse, ndi Lamulungu titatuluka ku Misa, mphepo ya m'phiri ikundimenya kumaso. Mbaula inaletsedwa mu ofesimo. Bulangete linali pa apongozi. Ndinatayipa mapepala asanu ndi awiri otsalawo mano akuombana.

Lolemba ana analemba mayeso awo, oyera bwino, otayipidwa pa kompyuta monga analonjezera a hedi. Ine sindinaone nawo. Ndinali pa benchi ya kuchipatala, mphuno ikuchucha, thupi likuphwanya, ndikudikira pa mzere ngati wina aliyense. Ndinaona kuti amayi ena pa mzerepo ankandiyang'ana n'kumabisa pakamwa ndi nsalu. Pa mishoni nkhani siichedwa.

Itafika nthawi yanga, namwino anali mkazi wanga yemwe. Anandigwira pachipumi, anandiika choyezera kukhwapa, anawerenga, kenaka analankhula mokweza kuti benchi yonse imve.

"Mwatentha thupi kwambiri, bambo. Ndiye tiuzeni inu odziwa: tikupatseni mankhwala, kapena tikuyatsireni mbaula?"

Benchi yonse inagwa ndi phwete, ndi odwala mutu omwe.

Foni ikakudukirani pakati pa malangizo, abale anga, musamalizitse chiganizocho nokha.