Seva ya Amalume ndi Swala ya Lachisanu

Inu a Fomu 2 amene mumati Zainabu amangodziwa kulongolola, khalani pansi mumve, wokayika akafunse amalume anga a Yusufu, oyang'anira makompyuta pa kampani ina yogula mpunga ku Liwaladzi. Ntchito yawo inatsala pang'ono kutha, ndipo woipulumutsa ndine Zainabu!

Mafayilo onse a pakampanipo amadutsa pa netiweki, kulowa mu seva, kompyuta yosonkhanitsa zonse, n'kukopedwa pa tepi yosungira Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti, poti ndi nthawi yokhayo imene palibe wogwira kompyuta. Koma seva inali yaing'ono, inkadyetsa tepi pang'onopang'ono, tepiyo n'kumaima, kubwerera m'mbuyo, kuyambanso, mpaka kuperepeseka ngati patapata wakale. Abwana anati, "Yusufu, Lachisanu likubwerali tikabwerako koswali tepi isanamalize, ndiitana wina ku Lilongwe."

Amalume anagwira mutu. Ine ndinati, "Amalume, tiyeze kaye katunduyo, seva tigule yolingana naye."

Wallahi, ndinakhuthulira mafayilo onse pamkeka, ndinawayeza ndi ndowa, mulu wake unatchinga dzuwa mpaka nkhuku zinakalowa m'khola, ndiye ndinalamula disiki yotakata ngati dambo la mpunga yoti mafayilo azisonkhana kaye, memore yokumbukira ngakhale zimene sinauzidwe, ndi khomo la netiweki loti ng'ombe n'kulowa osawerama, kuti tepi isadikire ngakhale kamphindi. Mukumva? Lole yobweretsa sevayo inapinda msewu wa M5, mpaka lero mukadutsa pamenepo basi imadumpha.

Lachisanu amalume anapita koswali, ine ndinadina batani. Seva inakoka mafayilo mwamphamvu moti mwera unatembenuka, usipa wa pathandala ku Ngala unauluka kudzamatirira pawindo, tepi inazungulira osaima mpaka mphepo yake inapeta mpunga wonse wa m'nyumba yosungiramo, kutentha kwake kunauphika, ndipo mafayilo atatha inayamba kukopa mayina a alimi amene sanabadwe. Mukumva inu?

Abwana polowa, kofiya ili m'manja, anapeza kanyali kobiriwira kakuyaka, tepi yatuluka yokha ikupuma. Anati, "Yusufu, wa ku Lilongwe uja akhale komweko."

Ndachita zimenezi ine, wa Fomu 2, wokhala kumbuyo kwa kalasi. Zoti tsikulo Shehe anatalikitsa ulaliki mpaka madala anayamba kuwodzera, abwana musakawakumbutse. Tepi inamaliza abwanawo akuvala nsapato pakhomo la mzikiti.